Lipoti la khoswe wokalamba wa nyamakazi ya bondo: tisingano, kuthowa, ndi zimene tinaona

Lipotili ndi la khoswe mmodzi wamwamuna wa mtundu wa Sprague-Dawley, wa miyezi 22, wolemera magalamu 610. Anali m'gulu la makoswe amene ofufuza ankawasunga mpaka ukalamba pofuna kuona mmene impso zimafookera nyama ikamakula. Ine ndine dokotala wa zinyama woyang'anira umoyo wa gululi, ndipo ndalemba poganizira anzanga a m'malabotale ena amene tsiku lina adzapezeka ndi nyama yomva ululu pamene mankhwala odziwika onse ali ndi chowaletsa. Ife tinatembenukira ku acupuncture, kubaya tisingano towonda m'malo osankhidwa a thupi, pamodzi ndi kuthowa bondo. Ululu unachepadi, koma kwa maola owerengeka. Ntchito imene inatidyera nthawi sinali kubayako, inali kutsimikiza kuti chimene tikuonacho ndi mpumulo weniweni, osati mantha a nyama yogwidwa m'manja.

Mmene anapezekera

Anayamba kuona vutoli ndi mayi amene amasamalira chipinda cha makoswe okalamba. Anandiuza kuti khosweyu wasiya kuimirira ndi miyendo yakumbuyo pofikira chakudya cha pamwamba pa khola, ndipo akutsimphina mwendo wakumbuyo wa kumanja. Ubweya wa pamsana unali wonyankhalala poti sankadzinyambitanso bwino. M'makona a maso ndi pamphuno panali tinthu tofiira tooneka ngati magazi ouma. Si magazi ayi. Ndi porphyrin, utoto wofiira wochokera ku gland ya Harder imene ili kuseri kwa diso, ndipo amaunjikana choncho khoswe akasautsika, akadwala, kapena akaleka kudzipukuta kumaso.

Khoswe wamwamuna wa msinkhu umenewu akayamba kuvutika miyendo yakumbuyo, choyamba kuganizira si nyamakazi. Ambiri amakhala kuti mitsempha yotuluka mumsana yafota ndi ukalamba, miyendo yonse iwiri n'kufookera pamodzi, mchira n'kumakhwekhwereza pansi. Ena amakhala ndi zilonda za kuphazi, makamaka onenepa, ena chotupa. Uyu mapazi anali abwinobwino, mchira ankaunyamula, ndipo nditatsina kachala ka phazi lililonse ankabweza mwendo msangamsanga. Koma nditapinda bondo lakumanja ndinamva m'zala zanga mafupa akukhulana, iye n'kulira, n'kupotoloka kuti andilume. Bondolo linali lokula kuposa linzake, lolimba, koma losatentha. Tinamugoneka ndi isoflurane, mpweya wogonetsa, kwa mphindi zochepa n'kujambula X-ray. Mpata wa pakati pa mafupa a bondo unali utachepa, m'mphepete mutamera timafupa tosongoka. Panalibe pothyoka kapena chotupa. Inali nyamakazi ya ukalamba, ya bondo limodzi.

Mkodzo wake unali kale ndi mapuloteni ambiri, monga zimakhalira ndi makoswe aamuna ambiri a mtundu umenewu akakalamba. Chimenechi ndicho ofufuzawo ankatsatira.

Chimene chinatiletsa mankhwala

Dokotala aliyense akaona bondo lotere amaganiza za meloxicam kapena carprofen. Mankhwala amenewa amatseka enzyme ya COX kuti thupi lisapange ma prostaglandin, amene amakolezera kutupa ndi ululu. Tsono ma prostaglandin omwewo ndiwo amathandiza kuti magazi azifika bwino mu impso zofooka. Kumupatsa tsiku ndi tsiku kukanafulumizitsa kuwonongeka kwa impso zake, komanso kukanasokoneza chinthu chenichenicho chimene kafukufuku akuyeza. Buprenorphine ndi wabwino kwambiri pa ululu wa masiku ochepa, monga pambuyo pa opaleshoni, koma makoswe ena akamulandira amayamba kudya utuchi wa m'khola mpaka m'mimba kutsekeka, chakudya chenicheni n'kumachisiya. Kwa nyama yokalamba yofunika chithandizo cha milungu yambiri, ameneyu tinamusunga kuti akhale wopulumutsira zinthu zikafika povuta. Gabapentin, mankhwala ena a ululu, naye amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo.

Ndinene mosapita m'mbali kuti kafukufuku si chifukwa chosiyira nyama mu ululu. Ndinawauza akulu a kafukufukuyu kuti ngati njira yopanda mankhwala ikanika, khosweyu alandira mankhwala n'kutuluka mu kafukufuku, kapena tidzamugoneka kosadzukanso. Iwo sanatsutse. Komiti yoona za chisamaliro cha zinyama inavomera kuti tiyese, ndi malire olembedwa: akatsika thupi ndi magawo 20 pa 100 alionse, akasiya kudya, kapena akalephera kufika pamadzi, zonse zithere pomwepo.

Tisanagwire singano tinakonza kaye khola. M'malo mwa utuchi tinayala mapepala ofewa okhuthala, chakudya tinachiika pansi, botolo la madzi tinalitsitsa. Mnzake wa m'khola sitinamuchotse, chifukwa khoswe wokhala yekha amasungulumwa ndipo amazizidwa msanga.

Kuyeza ululu wa nyama yosalankhula

Khoswe amabisa ululu mwachibadwa. Kutchire nyama yoonetsa kufooka ndiyo imayamba kugwidwa. Njira zakale zoyezera ululu m'labotale zimawerenga liwiro limene nyama imabwezera chiwalo. D'Amour ndi Smith mu 1941 ankawalitsa kuwala kotentha pamchira n'kuwerenga nthawi mpaka khoswe auchotse. Njira ya Hargreaves ya mu 1988 imachita zomwezo kuphazi, ndipo makinawo amazima okha pakadutsa masekondi pafupifupi 20 kuti nyama isapse. Palinso tiulusi ta von Frey, tobaya kuphazi ndi mphamvu zosiyanasiyana. Zonsezi n'zabwino pofufuza, koma khoswe wathu vuto lake silinali kuphazi, ndipo sindinaone chifukwa chomuwonjezera zowawa pongofuna manambala.

Tinasankha kuyang'ana nkhope, kapondedwe ndi kukumba. Sikelo yowerengera ululu pankhope ya khoswe inatuluka mu 2011 ku labotale ya Jeffrey Mogil pa McGill University ku Montreal, patangotha chaka itatuluka ya mbewa. Imayang'ana kutsinzina kwa maso, kuphwa kwa mphuno ndi masaya, kupindika kwa makutu ndi kuuma kwa ndevu, chilichonse n'kuchipatsa 0, 1 kapena 2. Sikeloyi imagwira bwino pa ululu watsopano kusiyana ndi wokhalitsa, choncho tinkamujambula vidiyo atangoyenda pang'ono, bondo litagwira ntchito. Pa kapondedwe tinali ndi kabokosi kokhala ndi timasikelo tiwiri pansi, kamodzi pa phazi lililonse lakumbuyo. Khoswe wabwinobwino amagawa thupi lake pakati ndi pakati. Wathuyu ankaika pa mwendo wodwalawo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kukumba ndiye ndimakukonda kuposa zonse: mumaika m'khola paipi yodzaza timiyala, n'kuyeza kuti watulutsa tochuluka bwanji. Khoswe wathanzi amakumba popanda womuuza, ndipo womva ululu amangonunkhiza pakamwa pa paipi n'kubwerera. Wathu poyamba ankangonunkhiza.

Mantha nawonso amapha ululu

Khoswe akagwidwa mwamphamvu, kapena akatsekeredwa mu chubu cha pulasitiki, thupi lake limatulutsa mankhwala akeake opha ululu, ena a mtundu wa opioid (gulu la morphine), ena ayi. N'chimene chimathandiza nyama yovulala kuthawa mdani. Ndiye mukamanga khoswe, n'kumubaya singano, n'kumupeza kuti sakubwezanso phazi msanga, mwayeza chiyani, singano kapena chubu? Kafukufuku wambiri wakale wa acupuncture pa makoswe anachitika pa nyama zomangidwa choncho, ndipo amene amamukayikira pa chifukwa chimenechi ali ndi mfundo.

Si kumanga kokha. Mu 2014 labotale yomweyo ya ku McGill inalemba m'magazini ya sayansi ya Nature Methods kuti fungo la munthu wamwamuna limachititsa mantha mbewa ndi makoswe mpaka kuchepetsa zizindikiro za ululu, ngakhale m'chipindamo mutangoikidwa malaya amene mwamuna wagona nawo usiku. Manthawo amazilala munthuyo akakhalitsa m'chipindamo. Choncho tinagwirizana kuti womugwira akhale mayi yemweyo amene amamusamalira masiku onse, wobaya akhale munthu mmodzi osasinthasintha, ndipo aziyamba wakhala kaye phee m'chipindamo asanayambe ntchito.

Tinatenga nthawi kumuzoloweza. Mayiwo ankamukulunga mu thaulo lofewa pamiyendo pawo, mutu uli mumdima wa nsalu, mwendo wakumanja uli panja. Masiku oyamba ankakodza ndi kuchita chimbudzi m'thaulomo, kupuma kuli befubefu. Kenako anasiya, n'kuyamba kulandira kanthu kotsekemera ali momwemo. Khoswe wamantha sadya. Atafika podya ali wokulungidwa, m'pamene tinabweretsa singano. Kumugoneka ndi isoflurane pa chithandizo chilichonse tinakukana: mankhwala ogonetsa amasintha kagwiridwe ntchito ka mitsempha imene tikufuna kuidzutsa, ndipo nyama yokalamba ikagonekedwa thupi limazizira msanga.

Kuti tisadzinamize, masiku a chithandizo tinawasakaniza. Tsiku lina thaulo lokha, lina singano yolowetsedwa koma osaipotokola, lina singano yopotokola, lina kuthowa kokha, lina zonse pamodzi, ndipo pakati tinkasiya tsiku lopuma. Mavidiyo ankawerenga mnzathu wa chipinda china amene sankadziwa kuti tsikulo kunachitika chiyani.

Tisingano

Malo amene tinabaya ndi ST36, amene ku China amawatcha Zusanli. Pa khoswe ali pafupifupi mamilimita 5 chakunja ndi chakumunsi kwa kafupa kotukuka kamene kali kutsogolo pansi pa bondo, mumnofu wa kutsogolo kwa mwendo, pafupi ndi nthambi za mtsempha wa peroneal. Singano inali yachitsulo, yogwiritsa ntchito kamodzi, yonenepa mamilimita 0.18, ndipo tinkailowetsa pafupifupi mamilimita 5, mwendo wodwala womwewo. Inkakhala mphindi 30, ndipo mphindi 5 zilizonse tinkaipotokola pang'onopang'ono.

Mukapotokola mumamva singano ikulimba m'zala, ngati yagwidwa mkati. Helene Langevin ali ku University of Vermont anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuti timinyewa tolumikiza ta pansi pa khungu timakulungika pa singanoyo monga ulusi pa kamtengo, ndipo kukokako kumafika ku maselo ozungulira. Mukamva kugwira kumeneku musapitirize kupotokolera mbali yomweyo, bwezerani. Khoswe wathu ankanjenjemeretsa mwendo kamodzi singano ikamalowa, basi.

Kabayidwe kameneka tinakatenga ku kafukufuku wa mu 2010 wa labotale ya Maiken Nedergaard pa University of Rochester, amene anatuluka mu Nature Neuroscience. Iwo anabaya mbewa pa ST36 n'kupeza kuti adenosine m'minofu yozungulira singano anachuluka kuwirikiza ka 24. Adenosine amachokera ku ATP, chosungira mphamvu m'maselo, amene maselowo amatulutsa akakokedwa kapena akavulala pang'ono, ndipo akakhala pa receptor (polandirira pake) ya A1 ya mtsempha wonyamula ululu, uthengawo umafooka. Mbewa zimene zinalengedwa zopanda receptor imeneyi sizinathandizike n'komwe. Singano yosapotokola sinagwire ntchito, ndipo kubaya mwendo wa mbali inayo sikunathandize phazi lodwala. Atapereka deoxycoformycin, mankhwala oletsa adenosine kuphwanyika msanga, mpumulowo unatenga nthawi yotalikirapo kwambiri. Chinthu china chofunika kukumbukira: caffeine amatseka ma receptor a adenosine, choncho ngati nyama zanu zili mu kafukufuku wozipatsa caffeine, njira imeneyi musaiyembekezere.

Imeneyo ndi mbali ya pamalo pobayidwa. Ina ili mumsana ndi muubongo, ndipo inadziwika kale kuposa ya adenosine. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Han Jisheng ndi anzake ku Beijing anatenga madzi a muubongo a kalulu wobayidwa tisingano n'kuwaika mwa kalulu wina wosabayidwa, ndipo wachiwiriyo naye anayamba kupirira ululu. Mu 1976 Bruce Pomeranz ndi Daryl Chiu ku Toronto anaonetsa kuti naloxone, mankhwala otsekereza ma opioid, amafafaniza mpumulo umene mbewa zimapeza ku tisingano toyendetsedwa ndi magetsi. Pambuyo pake gulu la Han linapeza kuti liwiro la magetsi lili ndi kanthu: 2 Hz (kugunda kawiri pa sekondi) amatulutsa enkephalin ndi beta-endorphin, pamene 100 Hz amatulutsa dynorphin mumsana, ndipo onsewa ndi ma opioid amene thupi limapanga lokha. Linapezanso kuti mukabaya motalikitsa kapena mobwerezabwereza kwambiri thupi limazolowera, mpumulo n'kuchepa, ndipo CCK-8, mankhwala a m'thupi amene amalimbana ndi ma opioid, ali m'gulu la zochititsa. N'chifukwa chake tinkasiya masiku opuma. Magetsi sitinagwiritse ntchito konse. Mawaya amafuna nyama yosasuntha, ndipo mphamvu ikangopitirira pang'ono chithandizo chimasanduka chilango.

Kwa ine zonsezi zikulongosoka bwino ndi mitsempha ndi minofu, popanda kufuna njira zobisika zoyendamo mphamvu m'thupi zimene chiphunzitso chakale cha acupuncture chimanena. Mukabaya mankhwala ochititsa dzanzi mkati mwa mnofu pamalopo, kapena mtsempha wa mwendowo ukadulidwa, singano sigwiranso ntchito. Mayina akale a malowa ndimawagwiritsa ntchito chifukwa amatithandiza kumvana kuti tabaya pati.

Kutentha

Mnzake wa acupuncture kuyambira kale ndi moxa, masamba ouma a chitsamba cha Artemisia amene amawapota ngati ndudu yaikulu, kuwayatsa, n'kuwayandikitsa pakhungu. M'malabotale ambiri, makamaka ku China, amachita zimenezi pa makoswe a nyamakazi atawameta pamalopo, ndipo nthawi zambiri khungu amalifikitsa pa madigiri 43 a Celsius kapena kupitirira pang'ono. Nambala imeneyi si yongolota. Mu 1997 labotale ya David Julius ku San Francisco inapeza TRPV1, kachipata ka pa mitsempha ya ululu kamene kamatseguka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 43, komwenso capsaicin, amene amawawitsa tsabola, amatsegula. Julius analandira mphoto ya Nobel mu 2021 pamodzi ndi Ardem Patapoutian. Pansi pa 43 khungu limamva kufunda, ndipo tizipata tina monga TRPV3 ndi TRPV4 timatseguka kale pamenepo. Pamwamba pake ndiye kupweteka kwayamba.

Ndiye pali mitundu iwiri ya chithandizo cha kutentha, ndipo anthu amaisokoneza. Kufunda kwa madigiri 39 mpaka 41 kumatsegula timitsempha ta magazi, kumamasula minofu imene yakungika poteteza bondo, kumafewetsa zokuta mfundo kuti ipindike mosavuta, komanso kumatumiza mumsana uthenga wosapweteka umene umapikisana ndi wa ululu, monga mwa ganizo la chipata limene Melzack ndi Wall anafotokoza mu 1965. Kutentha kopitirira 43 kumadzutsa mitsempha ya ululu yeniyeniyo, ndipo ubongo umayankha potumiza lamulo lotsika mumsana lochepetsa ululu wa m'malo ena. Le Bars, Dickenson ndi Besson anafotokoza zimenezi pa makoswe mu 1979: ululu wina umazimitsa unzake. Zimagwiradi ntchito, koma mtengo wake amalipira ndi nyamayo, ndipo sangatiuze kuti pafika potentha kwambiri. Moritz ndi Henriques anaonetsa mu 1947, pa khungu la nkhumba ndi la anthu, kuti pa madigiri 44 khungu limapsa pakadutsa maola pafupifupi 6, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo pafupifupi pakati. Moto wa moxa ukayandikira pang'ono chabe, pa khungu lopyapyala la khoswe wokalamba, matuza sachedwa.

Moxa tinamukananso chifukwa cha utsi. Khoswe amapumira m'mphuno mokha, mapapo ake sachedwa kudwala, ndipo mpweya wa chipindacho amapuma makoswe ena onse a mu kafukufuku.

Ife tinkathowa ndi kathumba kakang'ono ka madzi ofunda kokulunga mu nsalu, kachingwe ka thermometer kali pakati pa nsalu ndi khungu. Tinkasunga kutentha pakati pa 39 ndi 41 kwa mphindi 15, pabondo pokha. Kuyesa ndi dzanja n'kosadalirika, zala za munthu wogwira ntchito zimapirira zambiri. Mchira tinkausiya panja pa thaulo nthawi zonse, chifukwa khoswe satuluka thukuta m'thupi ngati ife ndipo kutentha kwambiri amakutayira kumchira. Akayamba kudzipaka malovu pachifuwa ndi pamiyendo yakutsogolo, kapena kupuma mothamanga, ndiye kuti watenthedwa thupi lonse, chotsani msanga.

Bondo lotentha kale lisathowedwe. Pamalo potupa kumene pamakhala mankhwala a m'thupi monga bradykinin, ma prostaglandin ndi asidi, ndipo zimenezi zimatsitsa malire a TRPV1 mpaka kutentha wamba kwa thupi kumayamba kupweteka. N'chifukwa chake khoswe wotupitsidwa phazi m'labotale amalichotsa pa kuwala kwa Hargreaves msanga kwambiri kuposa wabwinobwino. Ifenso zinatipeza m'mawa wina, khoswe wathu atalimbana ndi mnzake usiku. Bondo linali lotupa, lotentha pogwira, ndipo nkhope yake inali pa 2 pafupifupi paliponse, maso ali tsinzinu, ndevu zitauma n'kuunjikana. Tsiku limenelo panalibe za singano kapena kathumba. Analandira buprenorphine, mamiligalamu 0.05 pa kilogalamu, pansi pa khungu, tikumuyang'anira kuti asadye mapepala, ndipo zinalembedwa m'buku la kafukufuku. Tinayambiranso kutupako kutaphwa.

Zimene tinaona

Thaulo lokha, atazolowera, silinasinthe kanthu pa kapondedwe kapena pankhope. Ichi chinandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse, chifukwa chinatanthauza kuti kumugwirako sikunali kumuopseza mpaka kubisa ululu. Singano yosapotokola nayo sinasiyane ndi thaulo.

Singano yopotokola inasintha kapondedwe. Sizinkachitika nthawi yomweyo. Ankayamba kuika thupi pa mwendo wodwalawo patapita nthawi pang'ono chichotsereni singano, n'kufika pafupi ndi theka koma osakwanitsa, ndipo pofika madzulo anali atabwerera pakale. Kuthowa kokha kunkaonekera msanga koma kunkathanso msanga, ndipo kunkathandiza kwambiri m'mawa, pamene ankadzuka bondo litauma gwa. Pambuyo pothowa bondo linkapindika kwambiri asanayambe kulira. Masiku a zonse pamodzi, kuyamba ndi kuthowa kenako singano, ndiwo anali abwino kuposa ena. Mnzathu wowerenga mavidiyo anawapatsa manambala otsika a nkhope osadziwa kuti ndi masiku ati, ndipo ndi pa masiku amenewa pamene khosweyu analowa mu paipi n'kuyamba kutulutsa timiyala, akukankha ndi miyendo yakutsogolo, wakumbuyo wodwalawo utatsamira pakhoma la paipi. Sanafike pa mulu umene anzake amsinkhu wake ankatulutsa. Anayambanso kudzinyambita pamsana, zofiira za m'maso zinachepa, ndipo thupi linaima osatsikanso.

Mpumulo sunkawunjikana. Mlungu wachinayi m'mawa asanathandizidwe ankaponda monga ankapondera mlungu woyamba. Amene amalemba kuti tisingano timachiza nyamakazi akanaona bukuli akanachepetsa mawu. Komanso khoswe mmodzi ndi mmodzi basi, ndipo khola lofewa ndi chakudya chapansi zinali ndi gawo lake pa kuima kwa thupi. Kusiyana kwa masiku a thaulo ndi masiku a singano, m'khola lomwelo ndi manja omwewo, ndiko kokha ndingakuike pa singano.

Atakwanitsa miyezi 24 impso zinafika pothera. Ankamwa madzi kwambiri, mapepala a m'khola ankanyowa msanga, mafupa a msana ndi a chiuno anayamba kumveka pogwira. Bondo nalo silinkamvanso chithandizo ngati kale. Sitinadikire kuti afike pa magawo 20 aja. Tinamupatsa buprenorphine masiku ake omaliza, kenako tinamugoneka kosadzukanso malinga ndi ndondomeko yovomerezeka.

Titamutsegula tinapeza impso zotuwa, zokula, zokhakhala pamwamba. M'bondo lakumanja kafupa kofewa koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa kanali kataperepeseka mpaka fupa kuonekera mbali ya mkati, timafupa tosongoka tija tili pomwepo. Mnofu wa pa ST36 unali wopanda chipsera, mafinya kapena magazi oundana, ndipo khungu la pabondo linalibe popsa.

Za magazi ake mu kafukufuku

Tinasankha tisingano poganiza kuti sitidzakhudza zimene ofufuza akuyeza, koma nkhaniyi si yophweka choncho, ndipo ndinawafotokozera akulu a kafukufuku tisanayambe n'komwe. Mu 2014 gulu la Luis Ulloa ku Rutgers linalemba mu Nature Medicine kuti magetsi pa ST36 ya mbewa amadzutsa mtsempha wa vagus, umene umachititsa gland ya adrenal kutulutsa dopamine, kutupa kwa thupi lonse n'kuchepa, mpaka mbewa zambiri za sepsis (kutupa koopsa kwa thupi lonse kobwera ndi tizilombo) kupulumuka. Mu 2021 gulu la Qiufu Ma ku Harvard linaonetsa mu Nature kuti njira imeneyi imadalira mitsempha ya mtundu wina yokhala ndi receptor yotchedwa PROKR2, imene ili yambiri mkati mwa minyewa ya mwendo wakumbuyo koma yochepa pamimba, ndipo mphamvu yochepa ya magetsi ya 0.5 mA imakwanira kuidzutsa. Iwo ankagwiritsa ntchito magetsi, ife zala, koma malo ndi omwewo, ndipo kutupa kuli pakati penipeni pa matenda a impso a ukalamba.

Choncho tsiku lililonse la chithandizo linalembedwa m'buku la nyamayi monga timalembera mankhwala: malo obayidwa, kunenepa kwa singano, kuya kwake, nthawi, kutentha kwa pakhungu, ndi womugwira. Magazi ndi mkodzo za kafukufuku tinkatenga pa tsiku lopuma, osati lobaya. Akuluwo anasankha kusunga zotsatira zake za mapuloteni a mumkodzo ndi za impso zimene anaziyang'ana pa maikulosikopu, atalemba chizindikiro pa nambala yake, koma ma cytokine (mapuloteni oonetsa kutupa) a m'magazi ake kuyambira tsiku loyamba la singano anawachotsa pa chiwerengero cha gulu. Zifukwa zake adzazilemba mu lipoti lawo, monga malangizo a ARRIVE a mu 2020, a kalembedwe ka malipoti a kafukufuku wa pa zinyama, amafunira pa nyama iliyonse imene zotsatira zake zachotsedwa.